Holide ya Busisiwe

"Ndafunsa kuti yunifolomuyi ndi ya ndani, achemwali. Funso langa ndi lomweli basi."

Chrispin Ngozo anali ataima pakhonde la nyumba ya mayi ake, m'manja atanyamula kadilesi kabuluu ka kolala yoyera. Anakapeza pachingwe choyanikira, pakati pa zovala za mwana wake. Kanali katsopano, ulusi wa telala ukadali lende m'mphepete. Salome, mlongo wake wamkulu, anali pansi akusenda kachewere ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Nanga pakhomo pano pali ana angati a msinkhu umenewo?"

"Busisiwe ali ndi sukulu yake ku Joni. Ife tabwera ku holide. Ikangotha Nyuwere tikubwerera tonse awiri, ndipo mayi ake tsikulo akulidziwa."

"Inuyo ndi amene mukubwerera, achimwene. Madalitso akuyamba pa pulayimale yathuyi. A hedi tinalankhula nawo kale."

Madalitso ameneyu anali Busisiwe yemweyo. Tsiku lomwe anafika pamudzi, pafupi ndi Mlangeni, anthu anafunsa tanthauzo la dzina lovuta lilime lija, ndipo atauzidwa anangolitembenuza pomwepo ngati chitumbuwa. Mwanayo anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anabadwira ku Tembisa, ku Joni komweko, kwa mayi wa Chizulu dzina lake Zanele, ndipo Chichewa chimene ankadziwa chinali zikomo ndi ndili bwino. Akamuitana kuti Madalitso ankacheuka kumbuyo kuti aone woitanidwayo.

Salome anaika mpeni pansi n'kuyamba kuyala mlandu wake bwinobwino, ngati munthu amene wakhala akuuphika miyezi. Anafunsa ngati malowolo sanaperekedwe kwa apongozi a ku Natal kuja, ndipo ngati anaperekedwa, mwana ndi wa khomo liti. Anati mwana wa kwa Ngozo sangakule osadziwa kugwada, wolandira chinthu ndi dzanja limodzi ngati akuthyola pichesi. Kenako anatulutsa foni m'chitenje.

"Timaonatu ife. Musamayese kuti poti tili kumudzi ndiye tili mumdima. Akukuthamangitsani m'zipatala, akukutenthererani timashopu. Tsiku lina adzafunsa mwanayu kuti bambo ako ndi wa kuti, ndiye adzayankha chiyani? Kwanu n'kwanu, achimwene, mthengo mudalaka njoka."

"Koma ali ndi mayi ake."

"Ife si amayi ake? Chibale ndi fupa, sichiola."

"Zanele anandipatsa mwanayu ndi manja awiri, achemwali. Anati masabata atatu. Ndikamuuza chiyani?"

"Mukamuuza kuti mwana wakonda kwawo. Akafuna kumuona, basi yake ndi yomweyo mwabwererayi."

Apa m'pamene mayi awo, a Nanyoni, anatulukira m'nyumba atagwira khoma, poti mawondo anali atayamba kuwakana. Iwo sanakambe za malowolo kapena za zipatala. Anati amuna awo, bambo a ana awiriwa, anapita ku Joni Chrispin akuyamwa, anatchona, ndipo manda awo palibe wa pamudzi pano anawaonapo. Anati Salome ali kubanja tsidya la mtsinje, amabwera masana okha, ndipo likalowa dzuwa nyumba ino imakhala ya iwo ndi makoswe.

"Ine ndinakulira pakhola," anatero a Nanyoni. "Ng'ombe yoyendayenda sitimanga iyoyo ayi. Timamanga thole lake. Madzulo imabwera yokha."

Chrispin anafuna kukwiya koma mkwiyo unamuthawa. Chomwe chinamusokoneza n'chakuti mawu onse amene Salome ananena, iye mwini anali atawanenapo kwa Zanele m'kachipinda kawo ku Tembisa, tsiku limene anyamata onyamula zibonga anadutsa mumsewu akuimba kuti alendo azipita. Tsiku limenelo iye ndi amene ankati mwana apite ku Malawi, Zanele n'kumati pokhapokha iye atafa. Lero mawu ake omwe anali kum'menya kuchokera pakamwa pa mlongo wake. Anapinda kadilesi kaja, n'kukaika pampando, n'kunena kuti nkhaniyi akambiranabe. Salome anamwetulira, poti ankamudziwa mlongo wake kuti akati tikambiranabe ndiye kuti theka wagonja kale.

Munthuyu kuganiza ankaganiza ndithu, mwinanso mopitirira muyezo. Ku Joni ankagwira ntchito yosamalira maluwa pa sukulu ina ya ana a anthu olemera, ndipo mabuku amene sukuluyo inkataya iye ankatola n'kupita nawo kunyumba. Anawerenga za nkhondo za azungu, za nyenyezi, za kaleredwe ka ana, mpaka mutu wake unadzaza ngati basi ya pa Khirisimasi, koma woyendetsa munalibe. Funso lililonse ankaliona mbali ziwiri, ndipo mbali zonse ziwirizo zinkamukomera. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene sankachikayikira. Tsiku lililonse dzuwa likapendeka ankakhala ndi Busisiwe n'kuwerenga naye buku, iye tsamba limodzi, mwana tsamba linalo. Mwambowu anabwera nawo ndi kumudzi komwe. Ankakhala pa mwala wa kuseri kwa nkhokwe, ana a pamudzi ataima chapatali n'kumadabwa kuti bambo wamkuluwamkulu akulankhula mawu a chimbalangondo cha m'buku. Pamwalapo ankayang'ana mutu wa mwana wake utaweramira pa tsamba, mtima n'kumuuza kuti sangamusiye. Akadzutsa maso n'kuona chimanga chobiriwira chikutsetsereka mpaka kudambo, mphepo yozizira ikuchokera kumapiri, popanda kulira kwa mfuti kapena kwa galimoto za apolisi, mtima womwewo unkamufunsa kuti kodi mwana akam'bwezeranji kumoto.

Lachitatu anapita naye kumsika wa pa Lizulu kukagula za Khirisimasi. Anamuonetsa kuti tsidya ili la msewu ndi Malawi, tsidya linalo ndi Mozambiki, ndipo mwanayo anakondwa kwambiri, nafuna kuti awoloke n'kubwerera, awoloke n'kubwerera, kuti akauze anzake kuti anayenda maiko awiri asanadye chamasana. Foni ya Chrispin nayo inasokonezeka, n'kumulandira ku Mozambiki iye ataima pa kabichi wa ku Malawi.

Mwini kabichiyo anali Fanizo, mnzake wa ku pulayimale. Sipanatenge nthawi, amuna ena ogulitsa anyezi ndi tomato anawazungulira, ndipo nkhani inalowa ndale monga mwa masiku onse. Anadandaula za mtengo wa feteleza, za mizere ya mafuta, za andale amene amabwera ndi nsalu pa kampeni n'kusowa ngati mvula ya mu Okutobala. Anamufunsa Chrispin kuti kunjako zikuyenda bwanji, ndipo iye anadzimva akuteteza Joni, kuti misewu ndi yabwino, kuti si onse amadana ndi alendo. Anadzidabwa, chifukwa ku Joni ankakangana ndi anzake a kuntchito poteteza Malawi, kuti kwathu munthu amagona chitseko chosakhoma. Wina anamufunsa kuti anavotera ndani. Anayankha kuti chisankho chinamupeza ali kunja, ndipo kunjako mlendo savota. Anamuseka kuti bambo wa ndevu zoyamba imvi sadziwa inki ya pachala.

Atatsala awiri, Chrispin anamuuza Fanizo za yunifolomu ija. Fanizo sanadabwe. Anati masiku ano zimenezi zili ponseponse, kuchokera ku Manjawira mpaka kuno. Mwana amabwera ndi bambo ake ku holide, bambo amabwerera okha, ndipo holideyo imatha zaka khumi. Anatchula mwana wina wa m'mudzi mwawo amene mayi ake a ku Zimbabwe anaimba foni chaka chathunthu mpaka nambala inasinthidwa.

"Nanga mwanayo ali bwanji pano?"

"Anazolowera. Amalima, amatunga madzi, Chichewa ngati wobadwira konkuno." Fanizo anasenda tsamba lofota pa kabichi n'kulitaya. "Kungoti saseka."

Asanachoke pamsikapo anaimbira Zanele. Mkaziyo anafunsa ngati mwana akugona m'neti, ngati akumwa madzi owiritsa, ngati tsitsi lake akulipesa. Chrispin anayankha kuti zonse zili bwino. Linali bodza laling'ono, la mtundu umene munthu amadziuza kuti si bodza koma kungosunga nkhani kuti ipse kaye.

Tsiku la Khirisimasi, atabwera kutchalitchi n'kudya mpunga ndi nkhuku, banja lonse linasonkhana pansi pa mtengo wa mapichesi. Panali a Lazarus, akulu awo a malemu bambo a Chrispin, amene anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela n'kubwerako ndi chifuwa ndi wailesi. Iwo ndi amene anali mutu wa banja la Ngozo. Anamvetsera Salome, anamvetsera a Nanyoni, kenako anatembenukira kwa Chrispin. Iye analankhula nthawi yaitali ndithu. Anayamba ndi ufulu wa mayi, anadutsa pa zipolowe za ku Tembisa, anakhota n'kuyamikira mpweya wa ku Ntcheu, ndipo pomaliza palibe anadziwa ngati wavomera kapena wakana, iye mwini yemwe.

A Lazarus anatsokomola n'kunena kuti mutu umodzi susenza denga, koma mitu yambirinso ikachuluka denga limapendama. Anati popeza akulu alephera, afunsidwe mwini wake. Ngati mwana anena kuti akhala, akhale. Ngati anena kuti apita, palibe am'gwire mkono.

Anatuma munthu kukamuitana. Busisiwe anali kuseri kwa khola. Anali atangolankhula ndi mayi ake pa foni, ndipo aka kanali koyamba kudya Khirisimasi popanda iwo. Anabwera pang'onopang'ono, atavala dilesi lake lofiira la ku Joni, maso ali psuu, akuyesetsa kumeza misozi pamaso pa anthu ochuluka chotere. Salome anamukokera pamiyendo pake mwachikondi, poti kumukonda ankamukonda ndithu, n'kumufunsa mokweza ndi mozereza ngati mmene anthu amalankhulira ndi munthu wosamva.

"Madalitso, mwana wanga. Iwe ukhala? Ukhala, eti?"

Mwanayo anadzutsa mutu. Kwa masabata awiri anthu anali kumuthira mawu osamveka ngati matalala padenga, ndipo lero pokha anamva liwu lolidziwa, lochokera kwa munthu amene ankaoneka kuti wamumvetsa.

"Yebo, anti," anatero. "Ngiyakhala."

Nthungululu inalira mpaka nkhuku zinabalalika. Azimayi anamunyamula, wina anamupukuta misozi ndi chitenje n'kunena kuti ndi misozi ya chimwemwe, magazi aitana magazi. A Nanyoni anakweza manja kumwamba.

Pagulu lonselo anthu awiri okha ndi amene anadziwa chimene chachitika. M'Chizulu, kukhala ndi kulira. Kukhala kwathu kuno, kwa kutsala pamalo, iwo ali ndi liwu lina. Mwana anamva azakhali ake akumufunsa ngati akulira, ndipo anayankha zoona zokhazokha, kuti inde, ndikulira. Chrispin anatsegula pakamwa. Anayang'ana a Lazarus, amene Chizulu cha m'migodi chinali chikadali m'makutu mwawo, ndipo anaona kuti nawonso amva. Mkuluyo anayang'ana m'chikho chake cha thobwa ngati mwagwera ntchentche.

"Mwadzimvera nokha," anatero a Lazarus. "Nkhani yatha."

Ndipo Chrispin anatseka pakamwa paja. Tisamunamizire kuti anachita mantha ndi akulu, ngakhale mantha analipo. Chimene chinamutseka pakamwa chinali mpumulo. Katundu amene anamulemera masabata awiri anali atatulidwa ndi munthu wina, ndipo munthu winayo anali mwana wa zaka zisanu ndi zitatu amene sanadziwe n'komwe kuti wasenza kanthu. Zinali zamanyazi, ndipo manyaziwo anawamva pomwepo, koma anakhala nawo chete.

M'mawa mwake anawapeza a Lazarus akutsegulira ng'ombe zawo. Anazungulirazungulira ndi nkhani ya mvula ndi ya nkhupakupa, mpaka mkuluyo anatopa naye.

"Wabwerera za dzulo. Nena."

"Bambo, mwana uja sanati akhala."

"Ndinamva. Ine ndili ndi makutu awiri, la ku Joni ndi la kuno. Dzulo tinali kuno, ndiye ndinamvera la kuno."

"Koma si chilungamo."

"Chilungamo unali nacho iwe m'kamwa, bwanji sunachilavule? Ine mng'ono wanga anatchona ndikuona. Sindifuna kuti mayi akowa aikidwe ndi anthu oyandikana nawo nyumba. Iwe vuto lako umafuna kuti ku Joni akukonde, kunonso akukonde. Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga. Lowa limodzi."

Anachoka pakholapo atasokonezeka kuposa mmene anafikira. Mkuluyo anali wolakwa, zimenezo anaziona, koma sanapeze polowera kuti amutsutse, chifukwa wolakwa wamkulu anali iye amene anafunsayo.

Masiku otsatirawo pamudzi panali chisangalalo. Salome anagula kachikwama ka mabuku ndi sileti. A Nanyoni anayamba kuyenda osagwira khoma, n'kumaphunzitsa mdzukulu wawo kupeta ndi lichero. Busisiwe ankaseka nawo, poti ankadziwa kuti kwatsala pang'ono apite. Anagawira asuweni ake timaliboni ta kumutu. Analongedza chikwama chake Nyuwere isanafike n'komwe, ndipo anapempha bambo ake kuti atengereko mayi ake kachewere wa pa Lizulu ndi mapichesi. Pamwala paja Chrispin anawerenga tsamba limodzi kawiri osazindikira, mpaka mwana anamugwira dzanja n'kumufunsa ngati akudwala. Zanele anaimba kunena kuti wagula nsapato zatsopano za kusukulu, koma akuopa kuti mwina phazi lakula ndi zakudya za agogo.

Akulu anapangana za tsiku lonyamuka. Anati mwana, ngakhale wavomera yekha, akaona bambo ake akunyamula chikwama mtima udzasintha, choncho ndi bwino kumuzemba monga timachitira ndi ana oyamwa. Salome adzapita naye kumunda m'mawa, ndipo Chrispin adzatsikira kumsewu kukakwera minibasi ya ku Dedza, kumene akapeze basi ya ku Joni. Zanele adzauzidwa basi itawoloka malire. Chrispin anamva zonsezi akugwedeza mutu, ndipo kugwedezako sikunali kwa inde kapena kwa ayi.

Tsikulo linafika kuli mitambo. Salome anabwera ndi dengu n'kuuza mwanayo, bambo ake akumasulira, kuti apite akathyole nkhwani zoti akapatse mayi ake ku Joni. Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwa Chrispin m'Chizulu chosalala bwino. Busisiwe anathamanga kukatenga nsapato, n'kuwauza bambo ake kuti asanyamuke iye asanabwere, akuseka poti ankayesa nthabwala.

Atangopotera kuseri kwa chimanga, Chrispin anatulutsa chikwama chake. Chikwama cha mwana chinatsala pakona, chomangidwa bwino, buku lawo lili pamwamba. Anatsanzika mayi ake mwachidule n'kutsika kanjira ka kumsewu. M'njiramo anayesa kukonza mawu okamuuza Zanele. Anayamba ndi Chizulu, sanathe. Anayesa Chingerezi, mawu anamveka ngati a m'nyuzipepala. M'Chichewa mokha ndi mmene nkhaniyo inkamveka yolongosoka, koma Zanele Chichewa sankachimva.

Minibasi inaima isanaimitsidwe n'komwe. Kondakitala analanda chikwama n'kuchiponya kumbuyo pa matumba a kachewere.

"Muli angati, bigi?"

"Awiri."

Liwulo linangotuluka lokha, monga linkatulukira m'matakisi a ku Tembisa Loweruka lililonse. Kondakitala anauza mayi wina wonenepa kuti asunthe, ndipo mayiyo anasuntha akung'ung'udza, n'kunyamula dengu lake la tomato kuliika pamiyendo. Chrispin anakhala pansi. Pambali pake panatsala kamalo kopanda munthu, kokwana mwana.

"Winayo ali kuti? Tikuchedwatu ife."

Anthu onse m'minibasimo anatembenuka kumuyang'ana. Dalaivala anaponda mafuta kuti injini ilire. Chrispin anayang'ana kamalo kaja, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni ku Malawi funso linamupeza lopanda mbali ziwiri. Anapempha chikwama chake. Kondakitala anamutukwana kuti matchona mitu yawo imakhala itasokonekera, ndipo Chrispin sanatsutse.

Anapeza Salome ndi mwana kumunda, dengu litatsala pang'ono kudzaza. Busisiwe ataona bambo ake ali ndi chikwama paphewa, thukuta lili kamukamu, anayang'ana chikwamacho, n'kuyang'ana azakhali ake, ndipo kumwetulira kunazima. Anali mwana wowerenga mabuku, sanafunikire womuuza zambiri. Komabe Chrispin anagwada m'mizeremo n'kumufotokozera tanthauzo la liwu lija kuno kwawo kwa bambo ake, ndi chimene anthu anamva iye atayankha. Mwanayo anafunsa funso limodzi lokha, ngati iwo, bambo ake, ankadziwa. Chrispin anati ankadziwa. Busisiwe sanalire. Anangotaya nkhwani zimene zinali m'manja mwake.

Kenako Chrispin anatembenukira kwa Salome n'kubwereza zomwezo m'Chichewa. Mlongo wake anaima ngati wamenyedwa khofi.

"Mukuti mwanayu ankati akulira?"

"Eya, achemwali."

"Ndiye inu munatisiya ife tikuimba nthungululu, mwana akutiuza kuti akulira? Ine ndinamunyamula n'kuvina naye, achimwene." Kenako anauma nkhope, poti Salome sanali munthu wogonja kawiri tsiku limodzi. "Chabwino. Koma amayi mukawauze nokha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

A Nanyoni anali pakhonde pomwe anawasiya. Ataona atatuwo akubwera, mwana ali pambuyo osagwira dzanja la munthu, anadziwa nkhani isananenedwe. Anamvetsera mpaka pamapeto. Sanakalipe, ndipo Chrispin akanakonda akanakalipa.

"Mtengeni," anatero. "Sindingasunge mwana wolira mayi ake ali moyo. Ine ndinkayesa wandikonda."

"Wakukondani, amayi. Tidzabweranso Khirisimasi ikubwerayi, tonse atatu ndi mayi ake."

"Mayi akewo akamva zimene tinapangana pano, adzamulolanso kuponda mudzi uno?"

Yankho Chrispin ankalidziwa, ndipo ankadziwanso kuti Busisiwe akafika adzanena zonse asanavule n'komwe nsapato.

"Bambo anu anatsanzikira pakhonde pomwe pano," anatero a Nanyoni. "Nawonso anati Khirisimasi."

Salome analowa m'nyumba n'kutulutsa chikwama cha mwana, n'kuchiika pansi osayang'ana munthu. Ananyamula dengu lake n'kulunjika njira ya tsidya la mtsinje, kubanja kwake. Busisiwe anapita kwa agogo ake, anagwada kwa kanthawi monga anamuphunzitsira, n'kupereka manja onse awiri. Gogoyo anawagwira manjawo nthawi yaitali, kenako anawasiya.

Anatsika kanjira kaja mvula itayamba kuwaza. Mwana anali patsogolo atakumbatira chikwama chake, ndipo anakana kuti bambo ake amunyamulire. Chrispin ankayenda pambuyo osadziwa ngati wachita bwino mochedwa kapena walakwira anthu onse nthawi imodzi. Atafika pokhota, pamene mudzi umabisika ndi chimanga, Busisiwe anaima n'kucheuka. Patali pakhonde paja panali kamunthu kakang'ono, kokhala pansi, kosagwedezeka. Mwanayo anayang'ana nthawi yaitali, ndipo polankhula anasakaniza mawu a kwa mayi ake ndi liwu limodzi limene anatola pamudzipo.

"Baba," anatero, "gogo ukhala yekha."

Chrispin sanamufunse kuti mawuwo wawanena m'chilankhulo chiti.